Mmene mungawerengere chithunzi chakale cha ku Japan cha mbalame ndi mtengo

Mukaona chithunzi chakale cha ku Japan, kambalame katatera pa nthambi, n'zosavuta kungoti "chokongola bwanji" n'kupitirira. Komatu wojambulayo sanatole mbalameyo mwachisawawa, ndipo mtengowo sanauikepo pongofuna kuti mbalame ipeze potera. Munthu wa ku Kyoto wa zaka 400 zapitazo akalowa m'chipinda n'kuona chithunzi chotere, ankadziwa mwezi umene chikunena, ankadziwanso ngati mwini nyumba akumufunira moyo wautali kapena akumukumbutsa kuti pano pali eni ake. Zojambula za mtunduwu amazitcha kachō-ga, kutanthauza zithunzi za maluwa ndi mbalame, ngakhale kuti mitengo, udzu ndi tizilombo zimalowanso momwemo. Lusoli linachokera ku China, ndipo Ajapani analiluka pamodzi ndi ndakatulo zawo komanso nyengo za kwawo.

Nazi njira zimene ndimatsata ndikakhala ndi chithunzi chotere pamaso.

Choyamba: pezani chithunzi chooneka bwino, ndipo dziwani kuti chinajambulidwa pa chiyani

Kachithunzi kakang'ono kotumizirana pa WhatsApp sikangakuthandizeni, chifukwa zambiri zimabisala m'tinthu ting'onoting'ono. Pa intaneti pali tsamba la ColBase, pamene nyumba zosungiramo zakale za boma la Japan zimaika zithunzi za katundu wawo, ndipo Metropolitan Museum of Art ya ku New York nayonso imalola anthu kuona zake kwaulere. Sankhani chimodzi, chikulitseni mpaka muziona mmene burashi inayendera.

Kenako werengani kuti ndi cha mtundu wanji. Byōbu ndi chotchinga chopindika chimene amachiimika pansi, kawirikawiri chokhala ndi zigawo zisanu ndi chimodzi, ndipo nthawi zambiri zimakhala ziwiri zoyendera limodzi. Fusuma ndi zitseko zokankhira chammbali zimene zimagawa zipinda. Kakejiku ndi chithunzi cha pa pepala kapena pa silika chimene amachipachika pakhoma kwa masiku ochepa, n'kuchikulunga nyengo yake ikatha. Palinso zodinda ndi matabwa osema, zimene zinkagulitsidwa zambirimbiri pa mtengo wotsika. Kusiyana kumeneku mudzakufuna kutsogoloku, choncho kusungeni.

Chachiwiri: yambirani kudzanja lamanja

Tinaphunzira kuwerenga kuchokera kumanzere, ndipo maso athu amathamangira komweko osafunsa. Kalembedwe kakale ka Chijapani kamatsika kuchokera pamwamba, mizere yake n'kumayenda kuchokera kumanja kupita kumanzere, ndipo zithunzi nazonso zimatero. Pa byōbu ziwiri zosonyeza nyengo zinayi za chaka, mphukira imakhala kumanja kwenikweni, kenako nyengo yotentha, kenako nthawi yoyoyoka masamba, chisanu n'kutsekera kumanzere. Mukayambira kumanzere ndiye kuti chaka mwachiwerenga chobwerera m'mbuyo.

Chachitatu: funsani mtengo kuti ndi mwezi wanji

Apa ndi pofunika kudekha. Japan ali kumpoto kwa dziko lapansi, choncho chisanu chawo chimagwa Disembala mpaka Febuluwale, mphukira kuyambira Marichi, kutentha kuyambira Juni, ndipo masamba amafiira n'kuyoyoka chakumapeto kwa chaka. Kusamala nyengo kumeneku n'kwakale kwambiri: buku la ndakatulo la Kokinshū, losonkhanitsidwa cha m'ma 905, linasanja ndakatulo zake zoyambirira motsata nyengo, ndipo ojambula a m'mibadwo yotsatira ankakula akudziwa kuti mtengo wakuti ndi wa nthawi yakuti.

Paini, amene iwo amati matsu, ndiye mudzakumana naye kwambiri. Simungamusokoneze: masamba ngati singano, khungwa la mamba, nthambi zokhotakhota. Sasintha mtundu chaka chonse, ngakhale chipale chofewa chimukwirire, n'chifukwa chake amaimira moyo wautali ndi mtima wosagwedezeka. Pa chaka chatsopano anthu amaika nthambi zake pakhomo pamodzi ndi nsungwi, zokongoletsa zimene amazitcha kadomatsu. Koma pali chinanso. M'Chijapani mawu akuti matsu amatanthauzanso kudikira, ndipo andakatulo anasewera nawo mawuwa kwa zaka mazanamazana. Paini woima yekha m'mbali mwa nyanja akhoza kukhala munthu amene akudikira wina wosabwera.

Ume ndi mtengo wa zipatso zonga mapichesi aang'ono owawasa. Umachita maluwa cha mu Febuluwale, kukadali kozizira, usanatulutse tsamba ngakhale limodzi. Umaimira kupirira ndi chiyembekezo, ndipo ojambula amakonda kuujambula utakalamba, thunthu lakuda long'ambika koma likutulutsabe timaluwa tanthete. Pofuna kumvetsa zimenezi, onani zitseko zinayi zimene Kano Sansetsu anajambula mu 1646, zomwe tsopano zili ku New York. Thunthu lake limakwera, n'kugwa, n'kukweranso, kudutsa pafupifupi mamita 5, ngati nkhalamba yoyenda ndi ndodo imene yakana kukhala pansi. Timaluwa take ndi tochepa, koma ndi timene tikunena nkhani yonse.

Anthu ambiri amasokoneza ume ndi sakura, ndipo kusokoneza kumeneku kumatembenuza tanthauzo. Yang'anitsitsani duwa. La ume ndi lobulungira m'mphepete ndipo limamatirira ku nthambi. La sakura lili ndi kamng'alu kunsonga kwa kachigawo kalikonse, ndipo maluwa ake amalendewera m'timagulu pa timapesi tatitali. Sakura amaphuka chakumapeto kwa Marichi ndi mu Epulo, n'kuyoyoka patangopita masiku ochepa, choncho iye amanena za kukongola kosakhalitsa, pamene ume akunena za kulimba.

Nsungwi timazidziwa. Zimawerama mphepo ikaomba koma sizithyoka, ndipo zimakhala zobiriwira m'chisanu. Mukaona paini, nsungwi ndi ume pamalo amodzi, amenewo ndi "abwenzi atatu a m'chisanu", shōchikubai, chizindikiro cha mafuno abwino chimene chimapezeka pa ukwati ndi pa chaka chatsopano.

Yotsalayi ndi yosavuta. Yanagi, wa nthambi zolendewera ngati tsitsi, ndi wa mphukira. Momiji, wa masamba ofiira okhala ngati chikhatho, ndi wa nthawi yoyoyoka masamba. Kiri, wa masamba akuluakulu ndi maluwa ofiirira, ndi mtengo wa ufumu, ndipo chizindikiro chake boma la Japan likuchigwiritsabe ntchito lero.

Chachinayi: zindikirani mbalame, koma muziiwerenga pamodzi ndi mtengo wake

Ichi ndiye chenicheni chimene ndikufuna mutenge. Mbalame ndi mtengo zimayenda ziwiriziwiri, ndipo tanthauzo lili pa kukumana kwawoko. Kuloweza kuti "mbalame yakuti imaimira chakuti" kumangokufikitsani pakati pa njira.

Tsuru ndi mbalame yaitali miyendo ndi khosi, yoyera, ya kadontho kofiira pamutu, mbale wake wa ija ili pa mbendera ya Uganda. Ajapani amati tsuru amakhala zaka 1,000 ndipo kamba zaka 10,000. Yaimuna ndi yaikazi zikagwirizana zimakhala limodzi kwa nthawi yaitali. Ikaima pansi pa paini, moyo wautali wanenedwa kawiri, ndipo zikakhala ziwiri kapena zili ndi ana, ndiye kuti akufunira banja mtendere. Zimandikhudza ndikakumbukira kuti mbalame yojambulidwa paliponseyi inatsala pang'ono kutha m'dzikolo chifukwa cha kusaka ndi kuwonongeka kwa madambo. Anthu ankaganiza kuti yatheratu, mpaka mu 1924 pamene kagulu kochepa kanapezeka m'dambo la Kushiro pa chilumba cha Hokkaido.

Pa ume pamatera uguisu, kambalame kamene amakatcha kolengeza mphukira. Kulira kwake Ajapani amakumva ngati "hō-hokekyo", mawu ofanana ndi dzina la limodzi mwa malemba opatulika a Chibuda. Uguisu weniweni ndi wotuwa mofiirira, wamanyazi, wokonda kubisala m'zitsamba. Kambalame kobiriwira kowala kamene kamabweradi kudzayamwa timadzi ta maluwa a ume ndi kena, mejiro, ka mzere woyera kuzungulira diso. Choncho mukaona kobiriwira pa ume, onani disolo. Ndipo musadabwe kuti ojambula ankaika uguisu pamtengo umene sakonda kuterapo. Iwo ankasonkhanitsa fungo loyamba la chaka ndi nyimbo yoyamba ya chaka pa pepala limodzi.

Pa nsungwi pamakhala mpheta, suzume, chithunzi cha mudzi wamtendere ndi banja lochuluka. Banja la Date, limene linkalamulira ku Sendai, linatenga mpheta ndi nsungwi kukhala chizindikiro chake. Pa yanagi pamadutsa namzeze. Abakha awiri okongola otchedwa oshidori, akamayandama pansi pa nthambi yolemedwa ndi chipale, akunena za mwamuna ndi mkazi osasiyana pa mavuto, ndipo mpaka lero banja logwirizana amalitcha dzina la mbalamezi.

Ziwiri izi ndi za chisoni. Hototogisu imafika cha mu Meyi ndipo imalira ngakhale usiku. M'kamwa mwake ndi mofiira, ndiye akale ankati imalira mpaka kulavula magazi. Kawirikawiri amaijambula ikuuluka yokha, kukamwa kuli yasa, mwezi uli kumbuyo, ndipo imanena za kusowa munthu. Atsekwe am'tchire amabwera kuchokera kumpoto masamba akayamba kufiira, ndipo amawajambula akutsikira m'bango kapena akudutsa pa mwezi wathunthu. Iwowa ndi onyamula uthenga, kuchokera pa nkhani ya ku China ya Su Wu, kazembe amene anagwidwa ukapolo zaka 19, yemwe amati kalata yake inafika kwawo itamangidwa ku mwendo wa tsekwe. Utagawa Hiroshige, amene anamwalira mu 1858, anajambula atsekwe atatu akutsika pamaso pa mwezi, ndipo chithunzicho chinaikidwa pa sitampa ya ku Japan mu 1949.

Pomaliza pali mbalame imene kulibe m'tchire lililonse: hōō, ya mchira wautali wa mitundumitundu. Nthano imati imatera pa kiri pokha, ndipo imaoneka dziko likakhala ndi wolamulira wolungama. Mukaiona, dziwani kuti chithunzicho chikutamanda wina wake wamkulu.

Ngati zikukuvutani kusunga zonsezi, funani chithunzi cha makhadi a hanafuda. Ndi makhadi 48 a masewera, anayi pa mwezi uliwonse, ndipo angapo ali ndi magulu omwewa: Januwale paini ndi tsuru, Febuluwale ume ndi uguisu, Ogasiti udzu ndi atsekwe, Novembala yanagi ndi namzeze, Disembala kiri ndi hōō. Sungani magulu okhawo, chifukwa miyezi ya pa makhadi siigwirizana nthawi zonse ndi nyengo zimene tanenazi. Kampani ya Nintendo, imene ana amaidziwa ndi masewera a pa kanema, inayamba mu 1889 ku Kyoto popanga makhadi amenewa.

Chachisanu: matanthauzo akwanu asiyeni pakhomo

Kwathu kadzidzi akalira padenga, anthu sagona tulo. Ku Japan dzina lake ndi fukurō, ndipo mawuwa akhoza kumvekanso ngati "popanda mavuto", choncho masiku ano anthu amapatsana tizidole ta kadzidzi ngati mphatso ya mwayi. Khwangwala naye sikuti nthawi zonse amalosera zoipa. M'nthano zawo, khwangwala wotchedwa Yatagarasu, amene amamujambula ndi miyendo itatu, ndiye analondolera mfumu yoyamba Jimmu kudutsa m'mapiri, ndipo lero ali pa chizindikiro cha bungwe la mpira wa miyendo la dzikolo. Khwangwala wamba akakhala yekha pa nthambi youma, amanena za bata ndi kusungulumwa kwa madzulo a kumapeto kwa chaka.

Mwaonanso kuti matanthauzo ena amachokera m'kamvekedwe ka mawu, monga matsu uja. Chitsamba cha nanten, cha tizipatso tofiira, chimajambulidwa kawirikawiri ndi timbalame ta m'chisanu chifukwa dzina lake limamveka ngati "kutembenuza tsoka". Chinthu chikamabwerezedwa m'zithunzi zambiri inu osaona chifukwa, fufuzani dzina lake la Chijapani ndi mawu ena omveka mofanana nalo.

Chachisanu ndi chimodzi: funsani kuti khomalo linali la yani

Apa ndi pamene kudziwa ngati chithunzi chinali chitseko kapena chopachika kumagwira ntchito. Paini yemweyo amalankhula mosiyana malinga ndi chipinda.

Chitsanzo chabwino ndi nyumba yachifumu ya Nijō ku Kyoto, imene shogun Tokugawa Ieyasu, mtsogoleri wa asilikali wolamulira dziko, anamanga mu 1603, n'kudzakongoletsedwanso ndi ojambula a banja la Kano pokonzekera ulendo wa mfumu Go-Mizunoo mu 1626. Mlendo akalowa, zipinda zoyamba zinkamulandira ndi akambuku ali m'nsungwi. Akafika m'holo yaikulu mmene shogun ankakumana ndi nduna, ankapeza mapaini aakulu kuposa munthu, pa makoma okutidwa ndi golide. M'chipinda china cha holo yomweyo, pa paini pali mbalame zolusa za mtundu wa kabawi, zimene iwo amati taka, maso ali tcheru. Kusaka ndi taka kunali masewera a akuluakulu a nkhondo, ndipo Ieyasu ankakukonda kwambiri. Paini ameneyu sakufunira mlendo moyo wautali ayi. Akumuuza kuti ulamuliro wa banjali sudzafota. Koma m'kati, mmene munkalowa okhulupirika okha, makoma ali ndi maluwa a sakura, ndipo m'zipinda zogona za shogun muli mapiri ndi madzi ojambulidwa mofatsa. Chipinda chilichonse chinali ndi mtengo woyenera anthu ake.

Itō Jakuchū, mwana wa wamalonda wa ndiwo zamasamba ku Kyoto, ankaweta nkhuku pabwalo pake kuti aziziyang'ana asanazijambule. Kwa zaka pafupifupi khumi, kuyambira cha m'ma 1757, anajambula zithunzi 30 za mbalame, mitengo, nsomba ndi tizilombo, kuphatikizapo china chodzaza ndi nkhuku 13 ndi china cha hōō yoyera pa paini wokalamba. Sanazigulitse. Anazipereka ku kachisi wa Shōkokuji kuti zizipachikidwa pamodzi ndi zithunzi zitatu za Buddha ndi omutsatira. Mukadziwa zimenezi, atambala aja amasanduka osonkhana pa mapemphero, zamoyo zonse zitazungulira mphunzitsi wawo.

Chachisanu ndi chiwiri: yang'anani pamene sanajambule

Malo opanda kanthu, amene amawatcha yohaku, si malo otsala. Hasegawa Tōhaku anajambula nkhalango ya paini pa byōbu ziwiri chakumapeto kwa zaka za m'ma 1500, ndi inki yakuda yokha, ndipo lero zili ku Tokyo National Museum. Mitengo ingapo ndi yakuda bii, ina ikuzimirira, ndipo mbali yaikulu ya pepala ilibe chilichonse, koma maso anu amaonamo nkhungu. Mulibe mbalame, mulibe golide. Mwana wake Kyūzō anamwalira mu 1593, ndipo ena amaona maliro amenewo m'nkhunguyo. Kwa ine, pa zithunzi zonse za paini, ichi ndicho chimene chimakumbutsa kwambiri tanthauzo lachiwiri lija la kudikira.

Maruyama Ōkyo, pojambula mapaini ake okutidwa ndi chipale amene ali ku Mitsui Memorial Museum, sanapake utoto woyera. Chipalecho ndi pepala limene analisiya osalikhudza, n'kujambula singano za paini mozungulira. Choncho mukaona choyera, chikulitseni muone ngati ndi utoto kapena ndi pepala.

Onaninso m'mphepete. Pamakhala dzina la wojambula ndi chidindo chofiira, nthawi zina ndi ndakatulo yolembedwa ndi munthu wina. Nyumba zosungiramo zakale kawirikawiri zimamasulira mawuwo pansi pa chithunzi, ndipo ndakatuloyo ikhoza kukutsimikizirani kapena kukutsutsani pa zimene mwawerenga.

Tsopano yesani nokha

Funani chithunzi cha Miyamoto Musashi, katswiri wa lupanga amene anamwalira mu 1645, chimene chili ku Kubosō Memorial Museum mumzinda wa Izumi. Ndi kakejiku, chopachika, cha inki yokha, choti munthu aziyang'ana ali chete m'chipinda chaching'ono. Mtengo wake ndi kanthambi kouma, kowonda, kokwera m'mwamba ndi mzere umodzi wa burashi, ndiye chaka chikupita kumapeto. Pansonga pake patera mozu, kambalame kakang'ono ka mlomo wokhota, kamene kamagwira ziwala ndi abuluzi n'kuwabaya pa minga kuti kadzadye pambuyo pake. Nakonso ndi ka nthawi yoyoyoka masamba, choncho mbalame ndi mtengo zikugwirizana. Palibe mafuno a moyo wautali pano, palibenso golide. Mbali zonse ziwiri za nthambi ndi pepala lopanda kanthu.

Mukafika pamenepa musatseke chithunzicho. Chikulitseni, mutsike ndi nthambiyo pang'onopang'ono kuchokera ku mapazi a mbalame. Chapakati mupeza kambozi kakang'ono katamatirira ku khungwa, kakukwawa kulowera m'mwamba, kumene kuli mozu.